Filipe Néri ndi Cimwemwe ca Amuna a ku Roma

Pa 26 Maio caka ciliconse Eklezia amakumbukira Filipe Néri Woyera, wansembe wa ku Italia amene kwawo amamucha Filippo Neri. M'maparokia athu tsikuli limadutsa mwakacetecete, pakuti Maio ndi mwezi wa Amayi Maria, ndiponso ambiri a ife timakhala tili kumunda tikukolola. Koma ife amene timaphunzitsa katekisimu tili ndi cifukwa comuyang'anitsitsa munthu ameneyu. Timaphunzitsa kuti cimwemwe ndi cipatso ca Mzimu Woyera, ndi kuti Paulo Woyera polembera Agalatiya anaciika caciwiri, pambuyo pa cikondi. Abambo amamva mawuwa, nagwedeza mutu mwaulemu, kenako n'kubwerera ku moyo umene unawaphunzitsa kuyambira ali ana kuti mwamuna salira, ndi kuti bambo wa ulemu wake sasekaseka pagulu. Filipe anakhala zaka pafupifupi 60 pakati pa amuna a mumzinda umodzi, ndipo zimene anacita nawo zinalembedwa mwatsatanetsatane ndi anthu amene anadya naye mbale imodzi.

Anabadwira ku Firenze mu Julho 1515, m'banja losalemera. Bambo wake, Francesco, anali mlembi wa zikalata za malamulo. Atafika zaka 18 anatumizidwa kwa mbale wawo wamalonda ku San Germano, pafupi ndi Monte Cassino, kuti akaphunzire malonda ndi kudzalowa cuma ca mbaleyo. Sanakhalitseko. Ca m'ma 1534 analowa mu Roma wopanda ndalama ndi wopanda nchito, napeza mzinda umene unali usanapole mabala. Mu Maio 1527 asilikali a mfumu Carlos V, amene anali asanalipidwe kwa miyezi yambiri, anali atathyola malinga a Roma, napha anthu, nalanda katundu, nasandutsa machalichi makola a akavalo. Papa Clemente VII anathawira mu linga la Castel Sant'Angelo, ndipo mliri unatsatira nkhondoyo. Ife amene tinakula m'zaka 16 za nkhondo ya kuno kwathu tikudziwa zimene nkhondo imasiya m'mitima ya amuna, ngakhale nyumba zitamangidwanso. Pamwamba pa izi, Roma unali mzinda wa amuna ambiri kuposa akazi. Anyamata ankacokera m'madera onse a Italia kudzafuna malo m'nyumba za makadinala ndi m'mabanki, osakwatira, kutali ndi makolo, aliyense akuyang'ana pamene mnzake wafika pa makwerero a ulemu.

Kwa zaka 17 Filipe anakhala mu Roma ngati mkhristu wamba, wosakhala wansembe kapena mmonke, ndipo mfundo imeneyi ife makatekista tisaidumphe. Anapeza kacipinda m'nyumba ya Galeotto Caccia, munthu wa ku Firenze wogwira nchito ya msonkho, ndipo m'malo molipira ankaphunzitsa ana ake aamuna awiri. Cakudya cake cinali mkate, maolivi pang'ono ndi madzi. Anaphunzirako filosofia ndi teolojia, kenako anagulitsa mabuku ake napereka ndalamazo kwa osauka. Usiku ankatuluka mumzinda kukapemphera m'manda apansi pa nthaka a San Sebastiano, mmene akhristu oyamba ankaika akufa awo. Masana ankayendayenda m'dera la Banchi, kumene kunali mabanki ndi masitolo, naima pakhomo n'kuyamba kuceza ndi anyamata ogwira nchito mmenemo. Ankayamba ndi nthabwala. Macezawo akakoma ankawafunsa, ngati wongosewera, kuti tsono ayamba liti kucita zabwino. Amene funsolo linawalasa ankapita nawo ku cipatala ca San Giacomo, ca odwala matenda osacizika, kukasesa, kuyala pogona, kudyetsa ndi kusambitsa odwala.

Usiku wina, kutatsala pang'ono Pentekoste wa 1544, akupemphera m'manda aja, cinamucitikira cinthu cimene anadzaciulula ali wokalamba. Anaona ngati cibulungwa ca moto cikulowa m'kamwa mwake n'kutsikira pacifuwa, nagwa pansi ndi kutentha, ndipo atadzuka anali ndi cimwemwe cimene thupi lake linkalephera kucisenza. Atamwalira, madokotala amene anapima mtembo wake anapeza nthiti ziwiri zothyoka ndi zopindikira kunja pamwamba pa mtima. Sitiphunzitsa kuti mkhristu aliyense adikire moto wotere. Filipe mwiniwake ankawakayikira kwambiri anthu okonda masomphenya. Tingoona kuti zaka 10 za kupemphera mumdima ndi kutumikira odwala ndizo zinatsogola.

Mu 1548, pamodzi ndi wansembe womulapitsa, Persiano Rosa, anayambitsa bungwe la Utatu Woyera losamalira alendo osauka obwera ku malo oyera ndi odwala otulutsidwa m'cipatala asanapeze mphamvu. Ndi Persiano yemweyo amene anamukakamiza kulandira unsembe, ndipo anadzozedwa pa 23 Maio 1551 ali ndi zaka 35. Anakakhala pa chalichi ca San Girolamo della Carità. M'nthawi imeneyo akhristu ambiri ankalapa ndi kulandira Ukaristia kamodzi pacaka. Filipe ankalapitsa kuyambira mbandakuca mpaka masana, ndipo kiyi wa cipinda cake ankamusiya pansi pa citseko kuti wofuna kulapa alowe nthawi iliyonse. Amuna anayamba kubwera mlungu uliwonse, ena tsiku lililonse. Pamenepa tipezapo muzu woyamba wa cimwemwe cimene ankawapatsa. Mwamuna wosunga chimo lake caka cathunthu amayenda ngati wosenza mtolo wa nkhuni zaziwisi, ndipo Filipe sankalola kuti mtolowo ukule.

Koma anazindikiranso kuti munthu wolapa m'mawa amagwa masana. Ku Roma, anthu akadya cakudya ca masana, nchito zinkaima kwa maola angapo, ndipo m'maola amenewo ndi mmene juga, mowa ndi nyumba za ciwerewere zinkapezera anthu. Conco anayamba kuitanira amuna ocepa m'cipinda cake nthawi yomweyo. Iye ankakhala pabedi, iwo pamene angapeze malo. Wina ankawerenga buku lauzimu, monga mabuku a João Cassiano kapena mbiri ya Giovanni Colombini, kenako Filipe ankafunsa mmodzimmodzi cimene wamva, ndipo aliyense ankalankhula. Ataculuka, anasamukira m'cipinda ca pamwamba pa chalichi, cimene anacicha Oratorio, ndiye kuti malo opempherera. Pambuyo pake mwambowo unakhazikika: nkhani zinayi za theka la ola iliyonse, zokambidwa munthu atakhala pampando, m'mawu a tsiku ndi tsiku, popanda zokometsera za alaliki ochuka, potsiriza nyimbo m'cinenero ca anthu. Giovanni Animuccia, mtsogoleri wa kwaya ya ku São Pedro, ankabwera ndi oyimba ake, nasindikiza mabuku a nyimbo zimenezi mu 1563 ndi 1570. Mtundu wa nyimbo umene mpaka lero umachedwa oratorio unatenga dzina pamenepa. Akatha ankatuluka limodzi kukayenda, kapena kugawana zipatala. Osoka nsapato ankakhala pa benchi imodzi ndi abale a apapa.

Tikayang'ana m'maparokia athu, amayi ali ndi kwaya, Legio ya Maria ndi magulu ena mmene amapemphera, kuyimba ndi kuuzana zakukhosi. Abambo nthawi zambiri timawaitana pakakhala nkhani ya malata a chalichi, njerwa ndi zopereka. Misa ya Lamulungu ikatha, madzulo onse amakhala opanda kanthu, ndipo pa bawo ndi pa kacasu pali malo okhala, pali anzako, pali kuseka. Akulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwamuna amapita kumene akapeze anzake, ndipo Filipe anayambira pa coonadi cimeneci.

Mwa zimene ankawerenga m'cipinda cija munali makalata a Francisco Xavier, yemwe uja amene pa ulendo wake wa ku India anakhala pa Ilha de Moçambique kuyambira Agosto 1541 mpaka kumayambiriro kwa 1542, akutumikira odwala. Makalatawo anawayatsa moto, ndipo mu 1557 Filipe ndi anzake pafupifupi 20 anafuna kupita ku India kukafera Mthenga Wabwino. Asananyamuke anakafunsa nzeru kwa mmonke wina wa ku Tre Fontane, amene anamuyankha kuti India wake adzakhala Roma. Anamvera, ndipo sanatulukenso mumzindawo mpaka imfa. Patangopita zaka zocepa, Gonçalo da Silveira anakwera mtsinje wa Zambezi, nadutsa ku Sena ndi ku Tete, naphedwa ku likulu la Mwenemutapa mu 1561. Eklezia anafuna onse awiri, wopita ndi wotsala.

Gawo la mbiriyi limene limatidabwitsa kwambiri ndi mmene Filipe ankacitira ndi ulemu wa amuna amene ankawatsogolera. Cesare Baronio anafika ku Roma mu 1557, mnyamata wa ku Sora wophunzira malamulo, wa nkhope yosaseka. Akapatsidwa mpata wolankhula mu Oratorio ankangokamba za imfa, ciweruzo ndi moto wosatha. Filipe anamuletsa, namulamula kuti azifotokoza mbiri ya Eklezia kuyambira pa Atumwi. Baronio anadandaula kuti si nchito yake, koma anamvera. Atafika kumapeto anauzidwa kuti ayambirenso, ndipo anaibwereza kasanu ndi kawiri m'zaka pafupifupi 30. M'nkhani zimenezi ndi mmene munatuluka Annales Ecclesiastici, mabuku akuluakulu 12 amene loyamba lake linasindikizidwa mu 1588, mbiri ya Eklezia yofika mpaka caka ca 1198. Munthu wophunzira cotereyu Filipe anamuika kukhala wophikira anzake kwa nthawi yaitali, mpaka Baronio analemba pamwamba pa mafuwa kuti iye ndi wophika wamuyaya. Olemba mbiri amasimbanso kuti ankamutuma kogulitsa vinyo atanyamula botolo lalikulu kwambiri, kukagula vinyo wosadzaza ngakhale kapu, kulawa migolo ingapo asanasankhe, ndi kulipira ndi ndalama ya golide kuti wogulitsa avutike kufuna zobweza. Ankabwerako atatukwanidwa.

Francesco Maria Tarugi anali wa mtundu wina: mbale wa Papa Júlio III, munthu wa m'nyumba za makadinala, wovala bwino, wodziwa kulankhula. Filipe anali ndi galu dzina lake Capriccio, amene anathawa kwa Kadinala Sforza n'kukana kubwerera. Galu ameneyu, wonenepa ndithu, Tarugi ankauzidwa kuti amunyamule m'manja poyenda m'misewu imene anzake akale a m'mabwalo a ulemu ankadutsamo. Tiyerekeze bambo wodziwika wa pa boma pathu atafukata galu pakati pa msika, ndipo tidzamva kulemera kwa cimene ankapemphedwa. Mnyamata wina, Francesco Zazzara, ankaphunzira malamulo ndi mtima wofuna kukwera. Filipe anamuitana, nayamba kumuwerengera mwacikondi zabwino zonse zimene zikumudikira: adzatsiriza maphunziro, adzapeza ndalama, adzakweza banja lake, mwina adzakhala wamkulu mu Eklezia. Mnyamatayo akusangalala, anamukokera pacifuwa namunong'oneza funso limodzi lokha, lakuti pambuyo pa zonsezo n'ciyani. Zazzara anapita kwawo ndi funsolo, ndipo mapeto ake analowa mu Oratorio.

Filipe ankaika zala zitatu pamphumi n'kunena kuti kuyera kwa munthu kuli m'kadanga kameneko. Ankatanthauza kuti kusala kudya ndi kudzikwapula n'kopepuka poyerekeza ndi kugonjetsa maganizo a munthu pa za iye mwini. Anaona kuti cimene cinkawadya amuna a ku Roma ndi mantha a kusekedwa, ndi nchito yosatha yolondera dzina lawo usana ndi usiku. Munthu wotere sangakondwe, pakuti kuseka kulikonse kwa anzake amakumva ngati mkondo. Akasekedwa kamodzi pakati pa msewu n'kuona kuti sanafe, ndi kuti Mulungu sanamutaye, mlonda uja amapumula. Baronio ndi Tarugi onse anakhala makadinala tsiku limodzi mu 1596, ndipo Baronio anaulandira udindowo mokakamizidwa.

Tinene poyera kuti njira imeneyi si ya kutengera mwacisawawa. Zina mwa zimene Filipe ankalamula zinali zowawa, ndipo m'manja mwa munthu wina zikanakhala cipongwe cabe. Katekista kapena mkulu wa mphakati amene angayambe kucititsa anzake manyazi ponena kuti akuwaphunzitsa kudzicepetsa, adzangobalalitsa nkhosa. Amuna aja ankapirira cifukwa ankadziwa kuti amawakonda, ankadziwa macimo awo onse ndipo sankawanyoza, ndiponso cifukwa mankhwalawo ankayamba kumwa ndi iye. Ankayenda mumzinda atameta ndevu mbali imodzi. Ankavala covala ca ubweya m'nyengo yotentha. Akuluakulu ena a ku Polónia atabwera kudzaona munthu woyera amene anamva mbiri yake, anamupeza akumvetsera buku la nthabwala, nabwerera okhumudwa, iye n'kutsala wokondwa. Apapa atafuna kumupatsa ukadinala, anaisandutsa nkhaniyo nthabwala mpaka anamuleka.

Masiku otsogolera Quaresma, Roma yense ankalowa m'maphwando a Carnaval, ndi kuledzera ndi zonse zotsatana nako. Kuyambira ca m'ma 1552, pa Lacinayi la mlungu umenewo, Filipe ankatenga amuna ake pa ulendo wa machalichi asanu ndi awiri: São Pedro, São Paulo kunja kwa malinga, San Sebastiano, São João de Latrão, Santa Croce, San Lorenzo ndi Santa Maria Maggiore, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Panjira ankayimba ndi kupemphera, pa chalichi ciliconse pankakhala mawu ocepa, ndipo masana onse ankakhala pa udzu m'munda, m'zaka za pambuyo pake m'munda wa banja la Mattei pa phiri la Celio, n'kudya mkate, dzira, chizi, cipatso ndi vinyo wothira madzi, oyimba akuyimba. Oyamba anali ocepa. Patapita zaka anafika mazana, kenako zikwi. Sanataye nthawi yake kulalikira motsutsa Carnaval. Anakonza tsiku lina lokoma, limene munthu akadzuka m'mawa mwake alibe mutu wopweteka kapena ngongole.

Khamu limeneli linaopsa akuluakulu. Mu 1559, pa ulamuliro wa Papa Paulo IV, Kadinala Virgilio Rosario, woyang'anira Roma m'malo mwa Papa, anamuitana namudzudzula kuti ndi wofuna kuchuka ndi woyambitsa kagulu kampatuko. Anamuletsa kulapitsa kwa masiku 15 ndi kuyenda ndi khamu. Apa ndi pamene cimwemwe ca Filipe cinayesedwa, pakuti anamulanda nchito imene inali moyo wake, pa mlandu wabodza, ndipo womulandayo anali Eklezia amene ankamutumikira. Anamvera. Analetsa omutsatira kuyenda naye ndi kunenera zoipa kadinalayo. Rosario anamwalira mwadzidzidzi mu Maio caka comweco, ndipo Papa anatumiza makandulo awiri kwa Filipe monga cizindikiro ca mtendere. M'nthawi ya Papa Pio V kukayikira kunabweranso, makamaka cifukwa akhristu wamba ankalankhula za Mulungu pagulu, ndipo ansembe a Cidominiko anatumizidwa kukamvetsera mwakacetecete, sanapeze colakwa. Ife amene tinakulira mu Eklezia wa miphakati ndi mautumiki, wotsatira msonkhano wa ku Beira wa 1977, timaona ngati cinthu wamba kuti bambo wosadzozedwa aimirire kutsogolo Lamulungu n'kumasulira Mawu. Ku Roma wa nthawi imeneyo munthu ankatha kuimbidwa nako mlandu.

Sitinganene kuti Filipe ankaona zonse bwino. Camillo de Lellis anali msilikali wamtali, wokonda kuchova juga, amene ku Napoli analuza ngakhale malaya ake. Cilonda ca pamwendo cinamufikitsa ku cipatala ca San Giacomo, ndipo Filipe anakhala womulapitsa. Camillo atafuna kuyambitsa cipani cake ca otumikira odwala, Filipe anakana, poganiza kuti munthu wa mbiri yotere sangatsogolere ena, ndipo awiriwa anapatukana kwa kanthawi. Camillo anapitiriza, nadzozedwa mu 1584. Cipani cake cilipo mpaka lero, ndipo iyenso ndi woyera.

Tisaganizenso kuti Filipe anali munthu wongoseketsa. Ankaphunzitsa kuti munthu wa mtima wokondwa savuta kumutsogolera pa njira ya Mulungu poyerekeza ndi wa nkhope yakugwa, koma ankacenjezanso kuti kuseleula kopanda malire kumafafaniza zabwino zonse zimene munthu wasonkhanitsa. Iye mwini ankalira kawirikawiri, moti m'zaka zake zomaliza analeka kulalikira cifukwa misozi inkamudula mawu. Tsiku lililonse ankauza Ambuye kuti asamukhulupirire, pakuti angathe kuwapereka tsiku lomwelo. Nthabwala zimene ankawerengeredwa asanayambe Misa zinali zomuthandiza kuti mtima wake usatengeke mpaka kulephera kumaliza nsembeyo. Wina akabwera kwa iye atagwidwa ndi cisoni kapena ndi mantha a macimo amene analapa kale, sankamupatsa ulaliki wautali: ankamukoka tsitsi kapena khutu, n'kugoneka mutu wake pacifuwa cija cogunda, ndipo ambiri anacitira umboni kuti ankacokapo atapepukidwa. Anyamata akamacita phokoso pakhomo pake, ansembe anzake n'kudandaula, ankayankha kuti angathe ngakhale kuwazira nkhuni pamsana pake, malinga asacimwe.

Pa 15 Julho 1575 Papa Gregório XIII anavomereza Cipani ca Oratorio, nacipatsa chalichi ca Santa Maria in Vallicella, cimene anacigwetsa n'kumanga cina cacikulu codziwika kuti Chiesa Nuova. Filipe sanafune kuti ansembe ake amangidwe ndi malumbiro monga amonke. Wofuna kucoka anali womasuka, ndipo comangira cawo cinali cikondi cokha. Iye anakakamira m'kacipinda kake ka ku San Girolamo mpaka 1583, pamene Papa anamulamula kuti asamuke, ndipo anasamuka pa mdipiti, ophunzira ake atanyamula miphika, mapoto ndi tizinthu take tonse poyera, anthu akuseka m'njira. Asanamwalire anatentha zolemba zake zambiri.

Pa 25 Maio 1595, tsiku la Thupi ndi Magazi a Ambuye, anacita Misa, nalapitsa anthu tsiku lonse, nalandira alendo monga mwa masiku onse. Usiku anadwala mwadzidzidzi. Baronio, wophika uja, ndiye anamuwerengera mapemphero a omwalira, namupempha kuti adalitse ana ake. Filipe anakweza maso kumwamba, namwalira mbandakuca wa pa 26 Maio, ali ndi zaka 79. Pa 12 Março 1622 Papa Gregório XV anamulemba m'gulu la oyera tsiku limodzi ndi Inácio de Loyola, Francisco Xavier, Teresa wa ku Ávila ndi Isidoro mlimi. Anthu a ku Roma, zidzukulu za amuna amene ankayenda naye ulendo wa machalichi asanu ndi awiri, ankauzana m'misewu tsiku limenelo kuti Papa wakweza anthu anayi a ku Espanha ndi woyera mmodzi.